Chiphaso cha Dokotala Ndicho Chimawongolera Sukulu

Anthu ambiri amayesa kuti chiphaso cha dokotala ndi pepala chabe limene munthu amalandira akatsiriza maphunziro. Maganizo amenewa ngolakwika. Bungwe lopereka ziphaso likasintha malamulo ake, aphunzitsi amasintha zophunzitsa, ophunzira amasintha zoŵerenga, ndipo sukulu zina zimatsekedwa kumene.

Taonani zimene zidachitika ku America. M'chaka cha 1910, Abraham Flexner adatulutsa lipoti atayendera sukulu za udokotala zokwana 155 ku United States ndi ku Canada. Iye adapeza kuti zambiri zidalibe zipangizo zokwanira ngakhale chipatala chophunziriramo. Mabungwe opereka ziphaso adakhwimitsa malamulo nayamba kukana ophunzira a m'sukulu zotere, ndipo sukulu zochuluka zidatsekedwa. Maphunziro adakweradi. Koma mwa sukulu zisanu ndi ziŵiri za anthu akuda padatsala ziŵiri zokha, Howard ndi Meharry, ndipo amene adaona masautso ndi odwala osauka omwe adasoŵa wowachiza.

Ku Meharry komweko ndi kumene Dr. H. Kamuzu Banda adatsiriza maphunziro a udokotala mu 1937. Koma malamulo a Angerezi sankavomereza digiri ya ku America m'maiko omwe iwo ankalamulira, motero adapita ku Edinburgh kukaphunziranso mpaka 1941. Nzeru adali nazo kale. Chimene chidamuchedwetsa chidali chiphaso.

Lero dziko lathu lili ndi bungwe lakelake, Medical Council of Malawi, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, ndiponso sukulu ya madokotala imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Udindo tsopano uli m'manja mwathu. Palibe Mmalaŵi angafune kuti mayi wake achitidwe opaleshoni ndi munthu wosadziŵa ntchito, choncho malamulo ayenera kukhala okhwima. Komatu walira mvula walira matope. Wokhwimitsa mayeso apereke aphunzitsi, mabuku ndi zipangizo, alengezenso za kusinthako nthaŵi ikadalipo kuti mwana wa mlimi amene ali pakati pa maphunziro asatayidwe panjira. Mayesowo afunse za malungo, chifuwa chachikulu ndi uchembere, zimene dokotala adzakumana nazo pachipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chitipa.

Inu ogwira ntchito m'Boma, musanasaine lamulo lokhudza ziphaso, yambani mwafunsa kuti sukulu zathu zili ndi chiyani ndipo zikusoŵa chiyani.