Ulendo Waulere wa Pandege: Kodi Amalipira Ndani?

M'mwezi wa May chaka cha 1999, bambo wina wa ku California m'dziko la America, dzina lake David Phillips, amene ntchito yake inali ya uinjiniya, adachita chinthu chimene chidadabwitsa ogulitsa m'sitolo za m'dera lakwawo. Iye adayenda sitolo ndi sitolo nagula timakapu 12,150 ta chakudya chotsekemera chonga phala chotchedwa pudding, ndipo adaonongapo madola 3,140. Sikuti banja lake linali ndi nkhuli ya phalalo ayi. Kampani ya Healthy Choice idalonjeza kuti aliyense wotumiza zizindikiro khumi za pa katundu wake mwezi wa May usanathe adzapatsidwa mamailosi 1,000 oyendera pa ndege, ndipo Phillips ataŵerengetsa bwino adaona kuti kakapu kamodzi ka masenti 25 kakubala mamailosi 100. Phala lambiri adalipereka kwa a Salvation Army, amene adamthandiza kumatula zizindikirozo, ndipo iye adatsala ndi mamailosi oposa 1,250,000, okwanira kuti iye ndi banja lake aoloke nyanja kupita ku Ulaya kambirimbiri.

Nkhani imeneyi imakambidwa monga momwe imakambidwira nthano ya Kalulu wopusitsa Njovu, ndipo otsanzira bamboyu alipo ochuluka. Iwo amatenga makhadi a ngongole a ku banki, nasonkhanitsa mapointi amene makhadiwo amapereka, kenaka nkuwasinthanitsa ndi tikiti ya kumalo a anthu olemera kutsogolo kwa ndege, kumene mpando umatambasuka nkusanduka bedi. Tikiti imene wina wagula ndi madola zikwi zingapo, iwo amaipeza polipira msonkho wokha. Kodi pali cholakwika pamenepa? Lamulo silikuswedwa, ndipo munthu wosamala angathe kupinduladi. Koma kunena kuti ulendowo ngwaulere nkunama. Ulendowo umalipiridwa, ndipo kaŵirikaŵiri woulipira ndi munthu amene sadzaponda konse m'chipinda chimenecho.

Kuti zimenezi zimveke, mpofunika kuyamba ndi chiyambi chake. M'chaka cha 1978, Pulezidenti Jimmy Carter adasaina lamulo lochotsera boma la America mphamvu yoika mitengo ya matikiti ndi yogaŵira makampani a ndege njira zawo. Mpikisano udakula, ndipo kampani iliyonse idayamba kufuna njira yomangira apaulendo kuti asathaŵire kwa inzake. Motero pa 1 May 1981, kampani ya American Airlines idakhazikitsa dongosolo lotchedwa AAdvantage, ndipo ya United idatsatira pasanapite nthaŵi ndi lake lotchedwa Mileage Plus. Nzeru yake inali yapafupi. Mpando wopanda munthu pa ndege imene yanyamuka kale uli ngati nsomba yaiŵisi imene yagona pamsika, pakuti sungagulitsidwenso. Kuupereka kwa munthu amene wakhala akukwera ndege za kampaniyo chaka chonse sikunali kutaya zambiri, koma kunali kumpatsa chifukwa chobwereranso.

Zinthu zidasintha pamene mabanki adaloŵererapo. M'chaka cha 1987, banki ya Citibank idatulutsa khadi la ngongole lopatsa mwini wake mamailosi a American Airlines pa dola iliyonse imene wagulira katundu. Kuchokera apo, munthu adatha kukolola mamailosi asanaone nkomwe bwalo la ndege, pongogula zakudya, mafuta a galimoto kapena nsapato za ana. Mamailosiwo banki siiwatola pansi: imawagula ndi ndalama zenizeni ku kampani ya ndege. Malonda ameneŵa adakula kufikira pakuti m'chaka cha 2023 kampani ya Delta idalandira pafupifupi madola 7 biliyoni kuchokera ku American Express. Ngakhale m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege, chikole chimene obwereketsa ndalama adachikhulupirira chinali madongosolo a mamailosi omweŵa. United idabwereka madola 6.8 biliyoni, Delta idabwereka madola 9 biliyoni, ndipo American idabwereka madola 10 biliyoni m'chaka chotsatira. Chinthu chimene chingaikidwe chikole cha ndalama zotere sichingatchedwe mphatso. Ndi malonda, ndipo ndi malonda aphindu.

Ochenjera aja, kunena zoona, ali ndi luso ndithu. Kuyambira 2008, nthambi ya boma la America yosula ndalama inkagulitsa ndalama zachitsulo za dola imodzi pa mtengo wa dola imodzi yomweyo, nkumazitumiza kwa wogula popanda kulipiritsa za pa positi, pofuna kuti anthu azizoloŵere. Ena adayamba kuzigula ndi khadi la ngongole, nkuzinyamula zili m'mabokosi kupita nazo ku banki, nkubweza nazo ngongole ya khadi lija. Ndalama sinachepe ngakhale senti, koma mamailosi adatsalira m'manja mwawo, kufikira boma lidatseka khomo limeneli mu 2011. M'chaka cha 2016, banki ya Chase idatulutsa khadi lotchedwa Sapphire Reserve, limene linkapereka mapointi 100,000 kwa wogula katundu wa madola 4,000 m'miyezi itatu yoyamba. Ofuna khadilo adachuluka kotero kuti chitsulo chopangira makhadiwo chidatha, ngakhale kuti mwini khadi ankalipira madola 450 chaka chilichonse.

Tsono funso nlakuti, ngati banki ikugula mamailosi nkumagaŵira anthu, ndalamazo ikuzitenga kuti? Olipira alipo atatu.

Woyamba ndi wogula wamba. Munthu akagula katundu wa madola 100 ndi khadi la ngongole ku America, mwini sitolo salandira madola onse 100, pakuti pafupifupi madola aŵiri, mwina kuposerapo, amatsalira m'manja mwa mabanki ndi makampani oyendetsa makhadi monga Visa ndi Mastercard. Khadi likakhala la mphotho zambiri, gawo limeneli limakulanso. Mwini sitolo si wopusa: amakweza mitengo ya katundu yense kuti abweze zimene zadulidwazo, ndipo mtengo wokwerawo umagwera aliyense, ngakhale mayi wosauka amene wagula mkate ndi ndalama zapamanja. Akatswiri a banki yaikulu ya boma ya ku Boston adaŵerengera mu 2010 kuti banja logula ndi ndalama zapamanja limataya pafupifupi madola 149 pa chaka m'njira imeneyi, ndipo ndalamazo zimathera kwa mabanja a makhadi. Mayi uja sadafunsidwe, ndipo sadziŵa nkomwe kuti ali ndi gawo pa tikiti ya munthu wina.

Wachiŵiri ndi wangongole. Khadi la mphotho limapindulitsa munthu yekhayo amene amabweza ngongole yonse mwezi ukatha. Amene wabweza gawo chabe amagwidwa ndi chiwongoladzanja, chimene ku America chidapitirira 20 pa 100 iliyonse m'chaka cha 2023, chaka chomwecho chimene ngongole zonse za makhadi m'dzikomo zidapitirira madola 1 thiriliyoni. Masamu ake ngosavuta. Munthu amene wagula katundu wa madola 4,000 pothamangira mapointi, nalephera kubweza kwa chaka chathunthu, adzalipira madola 800 kapena kuposa a chiwongoladzanja chokha, kuphatikiza ndalama ya pachaka ya khadilo. Mphotho yake yadyedwa isanafike pakamwa. Kafukufuku wina amene akatswiri a banki yaikulu ya America adatengapo mbali, wofalitsidwa mu 2023, adapeza kuti makhadi a mphotho amasamutsa pafupifupi madola 15 biliyoni chaka chilichonse kuchoka kwa osauka ndi osaphunzira kwambiri kupita kwa olemera ndi ophunzira. Nchifukwa chake banki siidandaula ndi ochenjera oŵerengeka. Msodzi sadandaula kuti nsomba zina zadya nyambo nkuthaŵa, malinga ngati zambiri zameza mbedza.

Wachitatu ndi mwini mapointi yemweyo. Mapointi ndi ndalama imene woisindikiza ndi kampani, woika mtengo wake ndi kampani, ndipo malamulo ake amanena poyera kuti kampaniyo ingathe kuwasintha. Kale makampani a ndege ankafalitsa ndandanda yosonyeza mamailosi ofunika pa ulendo uliwonse. Delta idachotsa ndandanda yake mu 2015, ndipo United idachita chimodzimodzi mu 2019, kotero kuti ulendo umodzi womwewo ungafune mamailosi ochepa lero, maŵa nkufuna ochuluka kaŵiri. Mipando yoperekedwa pa mamailosi ochepa imakhala yoŵerengeka, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi ya tchuthi cha ana asukulu, pamene anthu ambiri amafuna kuyenda. Nayonso ndalama ya pachaka simaima malo amodzi: khadi la Chase lija lidakwera kufika pa madola 550 mu 2020, ndi madola 795 mu 2025. Ndipo kampani ikagwa, monga idagwera Air Berlin mu 2017, osunga mamailosi amatsala akukanda m'mutu. Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alipo amene angatsutse ponena kuti munthu wochenjera sadapange dongosolo limeneli, ndipo kuti ngakhale iye atakana mapointi ake, mtengo wa mkate sungatsike. Zimenezi nzoona, ndipo sikungakhale chilungamo kutcha munthu wotere mbala. Amene amabweza ngongole yake yonse mwezi ndi mwezi, osagula kanthu kamene sakadagula pakadapanda khadi, akungotenga gawo la zimene walipira kale pa mitengo ya m'sitolo. Koma mfundo imeneyi ikuonetsa kumene mlandu uli. Vuto la dongosolo limakonzedwa ndi lamulo. Maiko a ku Ulaya adaika malire mu 2015, kuti gawo lopita ku banki ya mwini khadi la ngongole lisapitirire masenti 30 pa katundu wa mayuro 100, ndipo Britain idasunga malire otere m'malonda a m'dzikomo ngakhale itatuluka m'bungwe la maikowo. Kumeneko mphotho za makhadi nzochepa poyerekeza ndi za ku America, ndipo okonda maulendo apamwamba amadandaula nazo. Koma dandaulo lawolo ndi umboni wakuti ndalama zimene zinkawakweza kutsogolo kwa ndege zinkachokera m'thumba la wina.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, koma ikukhudza ana a kuno amene ali ku Johannesburg, ku London, ku Dublin kapena ku America, amene mabanki a kumeneko amawanyengerera ndi makhadi otere. Kwa iwo ulendo wa pandege suli wokaonerera maiko ayi. Ndi ulendo wokaona mayi amene akudwala, kapena wokakhala nawo pa maliro a malume. Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziŵiri. Mamailosi amene munthu amapeza pa ulendo umene akadayenda kale, monga a ShebaMiles a Ethiopian Airlines kwa wodzera ku Addis Ababa potsikira ku Lilongwe kapena ku Chileka, alibe choopsa, pakuti kulembetsa nkwaulere ndipo palibe ngongole. Kuwasiya nkutaya chabe. Koma mapointi a khadi la ngongole ndi nkhani ina. Munthu amene malipiro ake agaŵidwa kale pakati pa lendi, fizi ya abale ndi feteleza wa kumudzi ndiye amene angalephere msanga kubweza ngongole yonse mwezi wina, ndipo mwezi umodzi umenewo ndiwo umene banki ikuudikira. Komanso uthenga wa maliro sudikira kuti mpando wa mamailosi upezeke. Ndalama yosungidwa m'buku la ku banki imagula tikiti pa ndege iliyonse tsiku lililonse, pamene mapointi amagula pokhapokha kampani italola.

Choncho wofuna kuloŵa m'maseŵera ameneŵa ayambe wadzifunsa mafunso atatu, ndipo adziyankhe moona mtima. Kodi m'miyezi 12 yapitayi adabweza ngongole zake zonse pa nthaŵi yake, osaphonya ndi mwezi umodzi womwe? Kodi katundu amene akufuna kugula ndi khadilo akadamgula ngakhale pakadapanda mphotho? Kodi akaphatikiza ndalama ya pachaka, misonkho ndi zolipira zina za pa tikiti ya mamailosi, phindu likutsalapo? Ngati yankho limodzi lokha lili lakuti ayi, aleke, pakuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ngati onse atatu ali inde, atenge khadi limodzi kapena aŵiri, ndipo mapointi akakwanira ulendo awagwiritse ntchito msanga osawaunjika, pokumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa oyendetsa mabanki aakulu ndi opanga malamulo m'maiko amene makhadi akungoyamba kufala, phunziro lili poyera. Nkwapafupi kuika malire a zodula mwini sitolo anthu asanazoloŵere mphotho, kusiyana ndi kudzalimbana nawo atazoloŵera kale. Mabanki akakamizidwe kulemba chiwongoladzanja ndi zilembo zazikulu mofanana ndi zimene amalembera mphotho. David Phillips adapambana chifukwa adatenga pensulo naŵerengetsa asanatulutse ndalama yake. Ambiri omutsanzira amakumbukira mamailosi ake okha, naiŵala pensulo ija.