Nsangwe zatuluka, titulutse ana panja

Novembala akafika, alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba maso amakhala kumwamba kudikira mvula. Pempho langa ndi lakuti usiku wina wopanda mitambo, mwezi usanatuluke, tiyang'anenso kumwambako tili ndi ana athu. Kuno ukangopatuka pang'ono pamsewu wa Great East n'kusiya nyali za pamsika, mdima umakwanira kuti munthu aone ndi maso ake moyo wa nyenyezi kuyambira kubadwa mpaka ukalamba. Mwana wa ku Lusaka, kumene nyali zaphimba thambo, mwayi umenewu alibe.

Yang'anani kum'mawa cha m'ma 9 koloko. Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, amakhala atatuluka. Chakumanja kwawo kuli kachifunga kowala mozimiririka, kamene asayansi amati Orion Nebula. Umenewu ndi mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi, ndipo m'kati mwake nyenyezi zikubadwa. Mpweyawo umakokana n'kuunjikana, pakati pake n'kutentha mpaka hydrogen kuyamba kusanduka helium. Zikatero ndiye kuti nyenyezi yayaka. Kuwala kwa mtambowu kumayenda zaka zoposa 1,300 kuti kutifike.

Chakumanzere, m'mwamba pang'ono, muona Nsangwe zitaunjikana. Izi zinabadwira mumtambo umodzi zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, ndipo zikadali zanthete. Dzuwa lathu, lomwenso ndi nyenyezi, lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo latsala ndi zina pafupifupi 5 biliyoni. Hydrogen wa pakati pake akadzatha, lidzafufuma n'kufiira, kenako lidzataya mpweya wake wakunja n'kutsala kanyenyezi koyera kofanana kukula ndi dziko lapansi, kozizira pang'onopang'ono.

Nyenyezi zikuluzikulu sizifa choncho. Kumanzere kwa Akamwiniatsatana kuli nyenyezi yofiira yotchedwa Betelgeuse. Ili ndi zaka pafupifupi 10 miliyoni zokha koma yakalamba kale, chifukwa nyenyezi yaikulu ndi moto wa mapesi: imayaka mwamphamvu n'kutha msanga. Mapeto ake ndi kuphulika. Mu Febuluwale 1987 nyenyezi ina inaphulika chotero kuthambo lakumwera, ndipo anthu anaiona ndi maso okha, zomwe zinali zisanachitike chiyambire 1604.

Imfa imeneyi imatikhudza. Chitsulo cha khasu limene tikulimira, chitsulo cha m'magazi mwathu ndi calcium wa m'mafupa zinapangidwa ndi nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe, n'kumwazika mumlengalenga. Ngakhale golide wa ku mgodi wakale wa Sasare chiyambi chake ndi komweko. Pa 17 Ogasiti 2017 asayansi anaona zotsalira za nyenyezi ziwiri zakufa zikuwombana kutali kwambiri, ndipo kuwala kwake kunasonyeza kuti zitsulo zolemera zimapangika pa kuwombana kotere. Ndikamva zimenezi ndimaona kuti phunziro la nyenyezi ndi phunziro la dothi lathu ndi matupi athu.

Dzuwa, Akamwiniatsatana, Nsangwe ndi Betelgeuse zonse zili m'gulu limodzi, Mlalang'amba wathu, womwe uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Milalang'amba ina ndi yosawerengeka, ndipo mu 1926 Edwin Hubble anaigawa potengera maonekedwe. Ina ndi yaphwatalala, yokhala ndi mikono yopindika mozungulira. Wathu ndi wotere, chimodzimodzinso Andromeda, kadontho kotuwa kooneka chakumpoto usiku womwewo. Kuwala kwa Andromeda kumene kukulowa m'maso mwanu kunanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo. Ina ilibe maonekedwe enieni. Tembenukirani kumwera, muona timitambo tiwiri toyera tosayenda ndi mphepo. Imeneyo ndi milalang'amba ing'onoing'ono yoyandikana nafe, yotchedwa Mitambo ya Magellan, ndipo kuphulika kwa 1987 kunachitikira mu waukuluwo. Anthu a ku London saiona moyo wawo wonse ngati sanayende. Gulu lachitatu ndi la yobulungira, yodzaza nyenyezi zokalamba, monga M87. Iyi yokha ndiyo imafuna makina oonera kutali.

Choncho aphunzitsi a sayansi, sikoyenera kudikira zipangizo kuti muyambe. Panganani ndi makolo, musonkhanitse ana pabwalo la sukulu madzulo amodzi, nyali zonse zitazimitsidwa. Itanani agogo a m'mudzi atchule mayina a nyenyezi m'Chinsenga ndi m'Chichewa, afotokoze zomwe makolo ankaonera nyengo yolima, ana alembe. Kenako inu muonjezere za hydrogen ndi milalang'amba. Mwana amene wamva dzina la nyenyezi kwa agogo ake sangaone sayansi ngati nkhani ya eni ake.

Ku Karoo, m'dziko la South Africa, ntchito yomanga makina akuluakulu ofufuzira thambo a SKA inayamba mu Disembala 2022, ndipo Zambia ndi limodzi mwa mayiko a mu Africa ogwirizana nawo pa ntchitoyi. Padzafunika akatswiri a masamu, a makompyuta ndi a nyenyezi kwa zaka zambiri. Ndikufuna kuti ena mwa iwo adzakhale ana a ku Nyimba ndi ku Petauke, ndipo tikawazolowetsa thambo lero, zimenezi n'zotheka.