Tabuleti Kapena E-reader: Tisankhe Mwanzeru

Masiku ano buku silikhalanso la pepala lokha. Aphunzitsi ambiri, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana amene angotsiriza kumene sukulu, akusunga tindalama kuti agule chipangizo chowerengerapo mabuku. Funso lowavuta n'lakuti: kodi agule tabuleti, kapena kachipangizo kopangidwira kuwerenga kokha, kotchedwa e-reader? Popeza ndalama sizitoledwa pansi, nkhaniyi iyenera kulingaliridwa mofatsa.

Zipangizo ziwirizi n'zofanana maonekedwe, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana. Tabuleti, monga iPad imene kampani ya Apple inatulutsa m'chaka cha 2010, ili ndi galasi lotulutsa kuwala kolunjika m'maso mwa wowerenga. E-reader, monga Kindle ya Amazon imene inayamba kugulitsidwa mu 2007, imalemba ndi inki yoyendetsedwa ndi magetsi. Pansi pa galasi lake pali timatumba tambirimbiri ta tinjere takuda ndi toyera. Magetsi akatikankha, zilembo zimaoneka, nizikhala pomwepo osadyanso mphamvu kufikira mutatembenuza tsamba. N'chifukwa chake batire yake imakhala milungu ingapo, pamene ya tabuleti imatha pa maola pafupifupi 10. Zilembo zake zimaonekanso bwino padzuwa, ngati za papepala. Mphunzitsi wa kumudzi, amene amayenda mtunda wautali kukatchajitsa foni pamsika, adziwa yekha kukula kwake kwa phindu limeneli.

Palinso nkhani ya tulo. M'chaka cha 2014, akatswiri a pa chipatala cha Brigham and Women's ku Boston anafalitsa zimene anapeza atayesa anthu 12. Anthuwo akawerenga pa iPad madzulo ankachedwa kugona ndi mphindi pafupifupi 10 poyerekeza ndi masiku amene ankawerenga buku la pepala, ndipo m'mawa ankadzuka ali ndi tulo m'maso.

Komabe tisaiweruze tabuleti mopanda chilungamo. Mabuku a Biology ndi Geography ali ndi zithunzi ndi mapu a mitundumitundu, ndipo mapepala a mayeso akale a MSCE amafuna galasi lalikulu. Pamenepa tabuleti ipambana, pakuti galasi la e-reader zambiri ndi la mainchesi 6 kapena 7 okha, ndipo limachedwa kusintha tsamba. Ngakhale zoonetsa mitundu, zimene Kobo ndi Amazon anatulutsa mu 2024, mitundu yake ndi yofuwirira.

Koma chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ife ndi mtima wa wowerenga. Pa tabuleti buku limakhala nyumba imodzi ndi WhatsApp, Facebook ndi mafilimu. Mwana asanamalize ndime, uthenga walira. Akamati abwerere, wina walowanso. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wophunzira amene sangakhale ola lathunthu ndi mutu umodzi wa buku adzavutika ku koleji ndi kuntchito komwe.

Tsono langizo lathu ndi ili. Amene cholinga chake n'kuwerenga mabuku aatali, a nkhani kapena a mbiri yakale, agule e-reader. Amene ntchito yake ili pa zithunzi, mapu ndi kukonza maphunziro a m'kalasi, agule tabuleti, koma azitseka intaneti nthawi yowerenga, ndipo aziiika pambali nthawi yogona ikayandikira. Aphunzitsi, yambani ndinu kuonetsa chitsanzo, pakuti ana amatsata zimene aona.