Mfuti ili ndi chiphaso, nanga loya adzalipidwa ndi ndani?

M'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota ndalama zimayenda pamanja. Ogula usipa ndi chambo m'madoko, eni magolosale pa Dwangwa, alimi a nzimbe ndi ogula mpunga amagona ndi ndalama m'nyumba, ena kutali ndi polisi. N'chifukwa chake ena mwa iwo amaganiza zosunga mfuti. Amafunsa za mtengo wake ndi za chiphaso, koma kawirikawiri funso lokwera mtengo kwambiri silifunsidwa: mfutiyo ikalira usiku, munthu n'kufa, adzaimire mwini wake kukhoti ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti?

Lamulo la Firearms Act limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi. Chiphasocho chimangomulola kukhala ndi chidacho, sichimupatsa ufulu wowombera munthu. Nkhani yodziteteza ili mu gawo 17 la Penal Code, lomwe limati mlandu wa munthu wogwiritsa ntchito mphamvu poteteza moyo kapena katundu uziweruzidwa potsata mfundo za malamulo a ku England. Mwachidule, khoti limayang'ana ngati kunali kofunikadi kugwiritsa ntchito mphamvuyo, komanso ngati inali yolingana ndi chiopsezocho. Kuwombera chigawenga chomwe chathyola chitseko chitanyamula chikwanje n'kosiyana ndi kuwombera kumsana mnyamata yemwe akuthawa ndi injini ya boti.

Kudziteteza ndi yankho limene munthu amapereka mlandu utayamba kale. Apolisi akapeza mtembo amamanga kaye. Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 42, amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma mlandu wakupha sukambidwa ndi majisitireti wa pa boma. Umapita ku bwalo lalikulu la High Court, ndipo ndi bwalo lomwelo lomwe limamva pempho la belo pa mlandu wotere. Bwaloli lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kotero wa ku Nkhotakota amayang'ana ku Lilongwe, ulendo wodzera pa Salima. Lamulo limati woganiziridwa mlandu wakupha asasungidwe masiku oposa 90 mlandu wake usanayambe, koma si chinsinsi kuti m'ndende za dziko lino ena akhala pa rimandi zaka. Nthawi yonseyo golosale imakhala yotseka, boti lili pamtunda.

Chilango nachonso n'chachikulu. Kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha sakakamizidwanso kulandira chilango cha imfa, koma akhoza kukhala m'ndende zaka zambiri kapena moyo wake wonse. Apa luso la loya limatha kusiyanitsa pakati pa kumasulidwa, mlandu wakupha mosakonzekera, ndi mlandu wakupha mwadala.

M'maiko ena vutoli adalisandutsa malonda. Ku America mabungwe monga USCCA amatolera ndalama mwezi ndi mwezi kwa eni mfuti powalonjeza thandizo la maloya. Bungwe la NRA lidayambitsa inshuwalansi yotchedwa Carry Guard mu 2017, koma mu 2018 akuluakulu oona za inshuwalansi ku New York adalipiritsa kampani ya Lockton, yomwe inkayendetsa ntchitoyi, chindapusa cha madola 7 miliyoni. Iwo adati inshuwalansiyo inkaphwanya malamulo a kumeneko poteteza anthu ngakhale pa milandu yowombera mwadala. Amalawi okhala ku South Africa amadziwa makampani monga LegalWise ndi Scorpion, omwe amagulitsa thandizo la maloya pa milandu yosiyanasiyana polipira pamwezi.

Kuno kwathu inshuwalansi yotere si yofala, choncho mwini mfuti amatsala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi Legal Aid Bureau, yomwe idakhazikitsidwa potsatira lamulo la Legal Aid Act. Pa milandu yakupha maloya ake ndiwo amaimira anthu ambiri, ndipo ntchitoyi amaidziwa bwino. Koma bungweli lidapangidwira osowa, limaunika kapezedwe ka wopempha thandizo, ndipo maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu. Munthu wokwanitsa kugula mfuti asadabwe akauzidwa kuti asonkheko kapena adzipezere wake. Njira yachiwiri ndi loya wolipidwa, amene kuwonjezera pa malipiro ake adzafuna mafuta ndi malo ogona kuti afike kunyanja.

Wofuna kupangana ndi loya zinthu zisanavute, kapena wotsatsidwa inshuwalansi iliyonse ya milandu, ayenera kuwerenga bwino mawu ang'onoang'ono a pansi aja. Funso lalikulu ndi la nthawi yolipira. Pangano lolonjeza kubweza ndalama munthu akapezeka wosalakwa silithandiza pa sabata yoyamba, pamene loya akufunika pa polisi womangidwa asanalembetse sitetimenti, komanso pokapempha belo. Afunsenso ngati panganolo likukhudza milandu ya chipukutamisozi, chifukwa achibale a womwalirayo akhoza kusuma ngakhale khoti litamasula wowomberayo. Mapangano ambiri otere sagwira ntchito ngati chiphaso chidatha, ngati wowombera anali ataledzera, kapena ngati mfuti inali m'manja mwa wina. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kunoko, komwe bwana amatha kusiyira mlonda mfuti yolembetsedwa m'dzina lake iye n'kukagona. Ndipo wogulitsa inshuwalansi aliyense m'dziko muno ayenera kukhala wovomerezeka ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, pomwe loya ayenera kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chimenecho, chomwe munthu angathe kuchitsimikiza ku Malawi Law Society.

Ku Nkhotakota palinso mdani wa miyendo inayi. Ng'ona ndi mvuu za mu mtsinje wa Bua ndi ku Chia zimavutitsa anthu, ndipo m'nkhalango yosungirako nyama, yomwe African Parks idayamba kuyang'anira mu 2015, mudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Wowombera nyama yotetezedwa ponena kuti amadziteteza ayenera kukanena msanga kwa a zanyama zakutchire ndipo asatengepo nyama, chikopa kapena mnyanga. Akalephera kufotokoza bwino, amakumana ndi lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017 kufika pa zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Pangano lolembedwa poganizira mbava zokha silingamuthandize pa mlandu umenewu.