Za Nkhani Zimene Ziopa Mkangano

Pali ciphunzitso cina cimene calowa m'mitu ya anthu ambiri ophunzira, cakuti nkhani yabwino ndiyo imene iri ndi munthu wolungama mbali yino, woipa mbali inayo, ndi phunziro limodzi pothera pace. Mnyamata wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi amene watsiriza sukulu, akatenga colembera, alemba za wakhama amene anamvera makolo nalemera, ndi za waulesi amene anamwa kacasu nafa. Omuweruza ati nkhaniyo yakoma. Koma palibe amene aiwerenga kawiri, pakuti mathero ace aoneka pa tsamba loyamba. Ciphunzitso cimeneci ndi coipa, ndipo cafoola alembi ambiri asanayambe n'kuyamba komwe.

Eni ace a ciphunzitsoci adzichinjiriza ndi makolo. Ati nthano za kale zinali za malangizo, cotero buku nalo lilangize. Koma kodi anamvetsa bwino zimene makolowo ananena? Akulu amene anati, "Mau a akuluakulu akoma akagonera," ndi omwewo amene anati, "Tsobola wakale sawawa." Mwambi wina ukweza nkhalamba, wina uitsitsa, ndipo yonse iwiri imveka pa bwalo limodzi la milandu, popanda munthu woti ucotsedwe umodzi. Kalulu wa m'nthano ali wabodza, waulesi, wakuba madzi pa citsime cimene anakana kukumba; komabe ana a pa moto amkonda iye koposa nyama zonse zomvera. Agogo osimba nthanoyo adziwa kuti mwana adzagona mtima uli pawiri, wina ukondwera ndi nzeru za Kalulu, wina udana ndi cinyengo cace, ndipo samcotsera bvuto limenelo ai.

Wofuna umboni woposa uwu apite ku Mkaika kumapeto kwa mwezi wa August, pamene mafumu a Acewa a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique adza kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu m'caka ca 1934, ndipo unauka m'caka ca 1984. Pa bwalolo pabvinidwa Gule Wamkulu, amene amisyoni anamenyana naye zaka zambiri, nacotsa mu mpingo anthu omtsata. Tsono gule anayankha bwanji? Anatenga maina a m'buku la adani ace nawabveka nkhope. Anaturuka Maria, anaturuka Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa. Ngakhale galimoto inasanduka cirombo. Gule yemweyo abvinidwa pa maliro, pamene amai ali kulira, koma aseketsa anthu mpaka nthiti kuwawa. Aopsa ana, ndipo ana omwewo amthamangira. Iye amene anachedwa cikunja conyansa analembedwa ndi a UNESCO m'caka ca 2005 pakati pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Ambiri oomba m'manja pa bwalo Loweruka ali m'chalichi m'mawa mwace, nayimba ndi mtima wonse. Wakunja angati awa ndi anthu a ciphamaso. Mlembi wa nzeru aona kuti apa ndi pamene pali nkhani, pakuti munthu wotere asenza zoona ziwiri zosamvana, ndipo safuna kutaya ngakhale cimodzi.

Alembi amene anatsogola anacidziwa ici, ngakhale anali a mpingo. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linaturuka m'caka ca 1933, ndipo T. Cullen Young analitembenuzira m'Cingerezi m'caka cotsatira. Bukulo litha ndi kutembenuka mtima, monga amisyoni anafunira. Koma mphamvu yace iri m'masamba amene Ntara alongosola moyo wa m'mudzi wacikunja, miyambo yace ndi zolakwa za Nthondo mwini, ndi cikondi ca munthu wosimba za kwao. Dzanja linali kulemba za njira yatsopano, pamene mtima unali kuceukira ku mudzi wakale, ndipo kukokana kumeneko ndiko kwasunga bukulo. Julius Chongo naye, posimba nkhani zace za Poceza m'Madzulo pa wailesi ya Zambia, anasonkhanitsa mabanja pa cifukwa comweco: anthu ace anali ocenjera ndi opusa nthawi imodzi, monga anansi a omvera.

Otsutsa ali ndi mau amodzi oyenera kuwayankha. Ati acinyamata angasokonezeke ngati buku siliwauza poyera cabwino ndi coipa. Mantha amenewa ali ndi pace. Buku lotama kuba kapena cigololo ndi lopanda pace, ndipo wolemba zinsinsi za ku dambwe kuti agulitse mapepala wanyoza anthu ace. Koma kuonetsa mkangano sikuli kutama coipa. Ndiponso mtsikana amene wakhoza mayeso, namva amace alikuti akwatiwe msanga, wasokonezeka kale buku lisanamfike. Buku lomuuza kuti wophunzira ndiye wolungama ndi amace ndiwo a mumdima limnamiza, pakuti iye adziwa kuti amai omwewo ndiwo anagulitsa nshawa kuti iye abvale yunifolomu.

Nkhani zotere ziri mbwee m'midzi ya kwa Kawaza ndi kwa Mbang'ombe, zingosowa wozilemba. Pali bambo amene analipira sukulu ya mwana wace ndi ndalama za thonje, zaka khumi ndi ziwiri. Mwanayo wapeza nchito ku Lusaka. Tsono atsibweni ace aimirira, nati mwa mwambo wa Acewa mwanayo ndi wa mbumba yao, ndipo tambala alira cabe, mwana ndi wa thadzi. Atsibweniwo sali akuba. Ndiwo adzaitanidwa mwanayo akapalamula mlandu, ndiwo adzakhala nkhoswe ya ukwati wace, ndipo mlongo wao akadzafedwa adzabwerera kwa iwo. Bambo naye sali wadyera. Anakhala mkamwini pa mudzi wa eni, nalima munda umene sudzakhala wace. Wotsata ciphunzitso cija adzafulumira kusandutsa mmodzi wa awiriwa mfiti, kuti nkhani ithe bwino. Mlembi weniweni adzawasiya onse awiri ali olungama, nadzatsata mwanayo pa tsiku la malipiro ace oyamba, pamene waima ndi ndalama m'manja, nambala ya atate ace ndi ya atsibweni ace zonse ziri m'lamya yace.