Kodi Mulungu Amamva Msanga pa Phiri?

Mwezi uno nkhani yathu itifikitsa kutali, ku mapiri a dziko la India, kumene anthu a zipembedzo ziwiri amakwera chaka ndi chaka kukapembedza. Ndaisankha chifukwa ikukhudza funso limene layamba kuvuta m'mabanja mwathu kuno ku Tsangano ndi m'mipingo yoyandikana nafe, funso la ana athu amene akupita kukagona ku phiri namati kumeneko ndiko Mulungu amayankha msanga.

Tiyambe ndi Amwenye eni ake. Ambiri a ife timayesa kuti Mmwenye ndi Mmwenye basi, ndi kuti onse amapemphera kumodzi. Si tero iai. Mwa Amwenye amene anadzachita malonda m'dziko muno, ochuluka anachokera ku chigawo cha Gujarat, ena ali Asilamu, ena Ahindu. Akuluakulu akumbukira masitolo ao m'malo a malonda a kumidzi, boma la Dr. Banda lisanawasamutsire ku mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu m'zaka za m'ma 1970. Ahindu ali ndi makachisi ao ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amalemekeza milungu yambiri, monga Vishnu ndi Shiva, ngakhale ophunzira ao amati yonseyo ndi maonekedwe a mmodzi. Gulu lachitatu, laling'ono, ndilo la Asikhi, a ndevu zosameta ndi nduwira kumutu. Iwo kwao ndi ku Punjab. Amakhulupirira Mulungu mmodzi, ndipo m'nyumba yao yopemphereramo, imene amaitcha gurdwara, mulibe mafano. Nyumba imodzi yotere ili ku Limbe.

Asikhiwa anafika kuno kwathu atanyamula mfuti, osati nsalu. Mu 1891 Harry Johnston analandira asilikali ochokera ku India motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire, ndipo ambiri mwa iwo anali Asikhi. Anamenya nkhondo ndi mafumu ogulitsa akapolo kunyanja, monga Makanjira. Komanso mu Okutobala 1896 Asikhi anali m'gulu la nkhondo limene linagonjetsa Angoni a Maseko, pamene Inkosi Gomani Chikuse anagwidwa ndi kuomberedwa m'dera la Dombole. Ku manda ake Angoni amapitako ndi ulemu waukulu kufikira lero. Izi ndazitchula kuti mwana wa Mngoni akamva dzina la Asikhi adziwe kuti si anthu a m'nthano. Mbiri yao ndi yathu zinakumana pa nthaka yathu yomwe ino, ndipo zinakumana mowawa.

Kumpoto kwa India, m'chigawo cha Uttarakhand, kuli boma lotchedwa Chamoli, pakati pa mapiri a Himalaya. Ife timanyada ndi kuzizira kwa kuno, ndipo mlendo wochokera ku Balaka akagona usiku umodzi wa Juni amachoka akulumbira kuti sadzabweranso. Koma chisanu chathu chimene chimapsereza kachewere n'chibwana poyerekeza ndi cha kumeneko. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, yoposa zonse m'Malawi, ndi mamita 3,002. Kachisi wa Ahindu wa Badrinath ali pamwamba kuposa pamenepo, pa mamita ngati 3,100, m'mbali mwa Alaknanda, umodzi wa mitsinje imene imapanga mtsinje waukulu wa Ganges. Ndi kachisi wa Vishnu, ndipo ali m'gulu la malo anai amene Mhindu wodzipereka amalakalaka kupondako asanamwalire. Amatsegulidwa kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, natsekedwa mu Novembala, pakuti miyezi yotsalayo njira imakwiririka ndi chipale chofewa, ndipo ansembe amatsikira kumunsi, cha ku Joshimath. Wansembe wamkulu, mwa mwambo wao, amachokera ku Kerala, kummwera kwenikweni kwa dzikolo. Aulendo amayamba asamba pa kasupe wa madzi otentha, ngati a ku Mawira ku Nkhotakota, ndipo kenaka amaima pamzere nthawi yaitali kuti aone fano la mwala wakuda kwa kamphindi chabe. M'zaka zaposachedwa ofika kumeneko akhala akuposa 1,000,000 pa chaka.

M'boma lomwelo muli Hemkund Sahib, malo a Asikhi, ndipo awa ndiwo ovuta kufikako. Ndi nyanja yaing'ono ya madzi ozizira ngati matalala, yozingidwa ndi nsonga zisanu ndi ziwiri, pa mamita oposa 4,000. Asikhi amati mphunzitsi wao wachikhumi, Guru Gobind Singh, amene anamwalira mu 1708, anasinkhasinkha pamenepo m'moyo wina asanabadwe. Pakuti iwo, monga Ahindu, amakhulupirira kuti munthu amabadwa kambirimbiri, chinthu chimene ife sitivomereza (Ahebri 9:27). Malowo anazindikiridwa m'zaka za m'ma 1930 ndi Sohan Singh ndi Modan Singh, onse awiri anthu a ku usilikali. Galimoto sifikako. Woyenda amachoka ku Govindghat nakagona ku Ghangaria, ndipo m'mawa mwake amakwera makilomita 6 a chitunda chokhachokha, mpweya ukupereweza m'chifuwa. Nkhalamba zimakwera pa nyuru, kapena zimaberekedwa m'dengu kumsana kwa wonyamula. Akafika amamira m'nyanjamo, namvera mau a m'buku lao, natsika tsiku lomwelo, chifukwa pamwambapo salola kugonapo. Pambali pa gurdwara pali kakachisi ka Ahindu ka Lakshman, ndipo anthu a zipembedzo ziwirizi amakwera njira imodzi.

Ulendowu umadya anthu. Mu Juni 2013 mvula yoopsa inagwa m'mapiriwo, madzi ndi matope zinakokolola midzi ndi milatho, ndipo anthu zikwi zingapo anafa, makamaka ku Kedarnath, kumene kuli kachisi wa Shiva, m'boma loyandikana nalo la Rudraprayag. Mu Januwale 2023 nyumba mazanamazana za ku Joshimath zinang'ambika chifukwa nthaka inayamba kutitimira. Koma chaka chilichonse njira ikatseguka anthu amadzazanso. Ife amene timajomba ku tchalitchi chifukwa cha mame a m'mawa tisafulumire kuwaseka.

Tsono imvani chodabwitsa. Amene anayambitsa chipembedzo cha Asikhi, Guru Nanak, wobadwa mu 1469, anaphunzitsa kuti kusamba m'malo opatulika sikutsuka mtima. Asikhi amasimba kuti tsiku lina ku Haridwar anapeza anthu mu mtsinje wa Ganges akuwaza madzi chakum'mawa, ati akawafikire makolo ao amene anamwalira. Iye anatembenuka nayamba kuwaza chakumadzulo. Atamfunsa, anayankha kuti akuthirira munda wake ku Punjab. Ngati madzi ao angafike ku dziko la akufa, ake angalephere bwanji kufika ku munda wa pansi pompano? N'chifukwa chake alipo Asikhi amene sakondwera ndi ulendo wa ku Hemkund. Komabe zidzukulu za chiphunzitso chimenechi ndizo zikukwera phiri kukamira m'madzi ozizira. Mtima wa munthu umafuna malo oti uloze ndi chala, nuti, apa ndiye pali Mulungu.

Makolo athu anali nao mtima womwewo. Mvula ikakana, Achewa ankatumiza nsembe kwa Makewana ku Msinja, kufupi ndi Kaphirintiwa ku Dzalanyama, ndiponso ku phiri la Bunda. Amang'anja ankapita kwa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje. Aisraeli naonso ankakwera ku Yerusalemu katatu pa chaka, ndipo kumeneko kunali kulamula kwa Mulungu mwini (Deuteronomo 16:16). Koma werengani Yohane 4:19-24. Mai wa ku Samariya anafunsa Ambuye funso lomweli, la phiri la kwao ndi Yerusalemu, ndipo Yesu sanasankhe ngakhale limodzi mwa malo awiriwo. Anamuonetsa kuti nthawi ya kumangirira chipembedzo pa malo yatha, ndi kuti Atate ayang'ana mzimu wa wopembedzayo, ngati uli woona.

Pa mau amenewa ndi pamene makolo a mpingo wathu anaima. John Calvin analemba mu 1543 kabuku kodzudzula mwambo wa kuyendera mafupa ndi nsanza za oyera mtima, ndipo mu 1581 nyumba ya malamulo ya ku Scotland inaletsa maulendo opita ku zitsime ndi ku mitanda imene anthu ankaiyesa yopatulika. Ine ndiganiza kuti pamenepo anaumitsa dzanja kwambiri, pakuti chikhulupiriro sachiphunzitsa ndi chindapusa. Koma chimene anaona chinali choona: pamene anthu aikapo malo opatulika, sipachedwa kupezeka mlonda wa pakhomo wofuna ndalama.

Lero mlonda uja wafika m'midzi mwathu. Mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 akayandikira, ana ena amasowa m'kalasi Lachisanu, ndipo ukafufuza umamva kuti anapita ku phiri ndi mneneri wina, atanyamula zolembera zao kuti zikapemphereredwe. Amai ena amagulitsa thumba la kachewere pa mphambano ya Tsangano kuti alipire matola ndi "mbeu" ya mneneri, nabwerako ndi botolo la madzi a pa phiri. Mtsikana wamng'ono amagona kuthengo m'chisanu cha Juni pakati pa anthu amene makolo ake sawadziwa ndi maina omwe. Sindinena kuti onse opita kumeneko ndi opusa kapena onyenga. Ambiri ndi anthu osweka mtima, odwala, osowa ntchito, a mabanja ogwedezeka, amene m'mpingo mwao sanapeze wokhala nao pansi ndi kuwamvera. Mpingo umene suyendera odwala ake usadabwe akamakwera phiri.

Kodi tsono kupemphera pa phiri n'kulakwa? Iai. Ambuye wathu anachezera usiku wonse pa phiri akupemphera asanasankhe atumwi ake (Luka 6:12-13). Koma anakwerako kupewa phokoso la khamu, ndipo anapempheranso m'nyumba, m'munda ndi pa mtanda pomwe. Ife a ku Tsangano tili pa phiri kale. Kukanakhala kuti kutalika kwa malo ndiko kumafupikitsa njira ya pemphero, bwenzi abale athu a ku Nsanje akutitumizira mapemphero ao pa basi. Mwana wanu akapempha chilolezo cha ulendo wotere, musayambe ndi kukalipa. Mfunseni akupita ndi yani, akagona kuti, akalipira zingati ndi kwa yani, ndiponso chimene akufuna kukapempha kumeneko. Funso lotsirizali ndilo lalikulu, pakuti yankho lake lidzakuuzani chimene chikumudya mumtima. Mukachimva, mugwade naye pa mphasa usiku womwewo, inu bambo ndi inu mai, mumpempherere motchula dzina lake iye akumva.

Chilipo china cha Asikhi chimene sindingachisiye. Pa gurdwara amaphika chakudya cha onse, mwambo umene amautcha langar, ndipo unayamba m'masiku a Guru Nanak. Aliyense wofika amadya ulere, kaya ndi Msikhi, Mhindu, Msilamu kapena Mkristu, ndipo onse amakhala pansi pamzere umodzi, wolemera pambali pa wosauka, m'dziko limene anthu ankasalana kwambiri potsata mtundu wobadwira. Anthu amadzipereka okha kuphika, kugawa ndi kutsuka mbale. Ngakhale ku Hemkund, kumene thumba la mpunga limachita kukwera pamsana, wofika amalandira tiyi wotentha ndi chakudya popanda womfunsa kalata ya mpingo. Chiphunzitso chao cha chipulumutso sitigwirizana nacho, pakuti ife tidziwa Mkhalapakati mmodzi yekha, Yesu Kristu. Koma pa nkhani ya mbale atichititsa manyazi. Pa misonkhano yathu ikuluikulu timatereka miphika iwiri: mpunga ndi nkhuku m'nyumba, za alendo a majekete, ndi nsima ya kabichi kuseri kwa tchalitchi, ya amene anayenda pansi kuchokera ku nthambi zakutali. Kawirikawiri ana ndiwo amabwerera ndi mbale zouma. Chaputala chachiwiri cha Yakobo timachiwerenga m'mawa, masana n'kuchiphwanya.

Pa Sabata ya Mgonero ikudzayi, mabanja a kuno akhoza kusonkha kachewere, nyemba ndi kabichi zokwanira onse, pakuti zimenezo sitisowa. Ndipempha akulu a mpingo ndi amai a Chigwirizano kuti ayese kamodzi kokha mphika umodzi: ana ayambe kulandira, okalamba atsatire, ndipo ife a majekete tidye kumapeto, pa udzu pomwepo. Amene mudzayese zimenezi mundilembere kudzera kwa Mkonzi, mundiuze mmene zinayendera ndi zimene ananena odandaula.