Zumba ndi Ng'oma Zoiwalidwa Eni Ake

Mbiri ya Zumba imakambidwa ngati nthano yokoma. Akuti m'zaka za m'ma 1990, mumzinda wa Cali ku Colombia, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi, Alberto "Beto" Pérez, anaiwala kaseti ya nyimbo zophunzitsira, ndipo anaika nyimbo za salsa ndi merengue zimene anali nazo. M'chaka cha 2001, ali ku Miami, iye pamodzi ndi Alberto Perlman ndi Alberto Aghion anakhazikitsa kampani. Lero dzina lakuti Zumba ndi chuma cha kampaniyo, ndipo wofuna kuphunzitsa m'dzinali amayenera kulipira.

Nthanoyi imayambira pakati. Cumbia, imodzi mwa mitundu inayi ya nyimbo imene ili maziko a Zumba, inabadwira kugombe la Caribbean, kumene akapolo ochokera ku Africa ankatsitsidwa padoko la Cartagena. Zitoliro zake ndi za eni nthaka, ng'oma zake ndi za akapolowo. Kufupi ndi Cartagena kuli mudzi wa San Basilio de Palenque, womangidwa ndi akapolo othawa, ndipo chinenero chawo chinasunga mawu a Kikongo. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza chikhalidwe cha mudziwu pamodzi ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Kodi ndi angati mwa ovina Zumba amene anamvapo dzina la Palenque?

Ena adzati ndikudandaula zachabe, popeza matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akupha anthu, ndipo chilichonse chotulutsa thukuta n'chabwino. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikuletsa munthu kuvina. Chimene ndikukana ndi kusandutsa gule kukhala sikelo. Kwa anthu amene anachotsedwa kwawo ndi unyolo, ng'oma inali njira yolirira akufa, yokumbukira kumene anachokera ndiponso yokanira kukhala katundu wa munthu. Ng'oma yomweyo ikamayezedwa ndi mafuta amene yasungunula m'thupi pa ola limodzi, mbiri yafafanizidwa, ndipo phindu lapita kwa amene analembetsa dzina.

Mlandu suli wa Pérez yekha. Ulinso wathu, ophunzira zachikhalidwe, amene timanyoza magule a m'nyumba zolimbitsira thupi ngati nkhani yosayenera cholembera chathu. Tikakhala chete, otsatsa malonda ndiwo amalemba mbiri. Tiyeni tifunse poyera kuti ng'omazi ndi za yani, ndipo eni ake apindula chiyani, tsiku lisanafike lakuti Ingoma kapena Chimtali zilembetsedwe ndi kampani, n'kutilipiritsa kuti tivine.